Mzere patsinde pa fupa lachisanu la phazi: lathyoka kapena mwana akukula?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno kuchipatala ndalandira mtsikana wa zaka 11, wapindika phazi lakumanja dzulo akusewera fulaye. Latupa cha kunjaku, akutsimphina koma akuponda. Pa X-ray pakuoneka mzere patsinde pa metatarsal yachisanu (fupa la phazi lopita ku chala chaching'ono), ndipo kachidutswa kopyapyala ngati khoko la mtedza kakhala pambali. Mayi ake akuti sachoka popanda chikhakha. Ndiike?

Mnzake wa ku OPD (koonera odwala osagonekedwa): Ikani basi achimwene, kumeneko ndi kuthyoka kuja kotchedwa Jones. Mukamusiya fupa osalumikizana, mlandu udzakhala wanu.

Wa X-ray: Dikirani kaye ndi chikhakha chanucho. Mzerewo wayenda bwanji? Wadula fupa chopingasa, kapena watsata utali wake, kulozera kuchala?

Wofunsa: Watsata utali. Sunalowe mu joint ya cuboid (fupa lomwe tsindelo limakhudzana nalo cha kuchidendene), ndipo m'mphepete mwake ndi mosalala.

Wa X-ray: Ndiye si kuthyoka kumeneko, ndi apophysis, kachidutswa ka pomwe fupa likukulira. Kamatulukira pa filimu mwana akamayandikira kutha msinkhu, atsikana cha pa zaka 9 mpaka 11, anyamata mochedwerapo, kenako kamagwirana ndi fupa lalikulu. Fupa likathyoka pamenepo mzere umapingasa. Ana otere amandipeza pafupipafupi atavala kale chikhakha, ndimangogwira pakamwa.

Mnzake wa ku OPD: Nanga Jones ija imakhala pati?

OCO (clinical officer wa mafupa) wamkulu: Patsogoloko pang'ono, pomwe tsinde likuthera ndi kuyamba thunthu la fupa, moyang'anizana ndi pomwe metatarsal yachinayi ndi yachisanu zimakhudzana. Pamenepo magazi amafika ochepa, n'chifukwa chake imavuta kupola ndipo munthu timamuletsa kuponda masabata 6 mpaka 8. Robert Jones anailemba mu 1902 atathyoka yekha akuvina, nanunso a madansi samalani. Kuthyoka kwina kuja kwa kunsonga, kufupi ndi pomwe mnofu wa peroneus brevis umagwira, kumapingasanso koma kumapola bwino ndi nsapato yolimba pansi.

Koma ine funso langa ndi lina. Mwalankhula za filimu yokhayokha, phazilo mwaligwira? Dinani ndi chala chimodzi patsinde penipenipo, kenako pa fupa la navicular cha mkati mwa phazi, kenako kuseri ndi kunsonga kwa akakolo onse awiri. Muuzeni aponde masitepe anayi. Pa msinkhu umenewu musaiwale pokulira pa fibula (fupa lopyapyala la kunja kwa mwendo), pamwamba pang'ono pa nsonga ya kakolo wakunja. Pamatha kuvulala filimu n'kuoneka yopanda vuto lililonse.

Wofunsa: Ndamuitananso. Patsinde pa yachisanu ndadina mwamphamvu, wangondiyang'ana. Pa fibula palibe kanthu. Wakuwa nditadina pofewa, kutsogolo ndi kumunsi kwa kakolo wakunja. Masitepe anayi wayenda. Ndijambule phazi linalo kuti tifananitse?

Wa X-ray: Ayi bwana, mafilimu atsala ochepa, komanso mwana tisamuwalitse chabe. Linalo timajambula pamene mzere ukukayikitsa ndipo ululu uli pomwepo.

Wafizio: Ndiye wabinya mitsempha ya kakolo ameneyo. Bandeji ya crepe, akweze mwendo pa pilo akakhala pansi, paracetamol molingana ndi sikelo yake, aziponda mmene angathere. Kutupa kukaphwa aziimira mwendo umodzi potsuka mkamwa. Chikhakha pa phazi lotere chimangondibweretsera ntchito, mwana amabwera kakolo atauma, katumba ataphwa. Chimodzi chokha: mwana wothamanga akamadandaula ululu patsinde pomwepo kwa masabata popanda kugwa, apophysis yomweyo imatha kupweteka chifukwa chokokedwa. Ndiwo matenda otchedwa Iselin, amafuna kupumitsa masewera.

Mnzake wa ku OPD: Ndagonja. Koma mayiwo muwatani? Kwa iwo mzere ndi mzere.

OCO wamkulu: Musawabisire filimu. Ikwezeni powala, muwaonetse kachidutswako, muwauze kuti m'pamene fupa likukulira. Kenako dinani pomwepo iwo akuona kuti mwana sakudzuma. Abwerenso pakatha sabata imodzi, kapena msanga akalephera kuponda.

Wofunsa: Ndachita momwemo. Mayiwo anadinanso okha kawiri, kenako n'kufunsa ngati mwana angapite kusukulu Lolemba. Ndawauza apite, koma fulaye adikire kaye.