Zotsatira za funso langa lija lofotokozera mwana za imfa ya agogo ake

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingafotokozere mwana wanga wazaka 7 za imfa ya agogo ake ku Dedza, popeza ife a kuno ku Johannesburg tinalephera kupita kumaliro. Ndinatsatira malangizo oti tionere limodzi filimu ya Coco, ya mu 2017, yokhudza mwambo wa ku Mexico wokumbukira akufa pa 1 ndi 2 Novembala. Itatha, mwanayo anatsegula chithunzi cha agogo akewo pafoni n'kufunsa chifukwa chake tinasiya kuwatchula pakhomo, ndipo amene anagwetsa misozi ndine. Tsopano Lamlungu lililonse timaimbira azakhali ake kuti atisimbire za malemuwo. Amene muli ndi vuto lomweli, muyambe mwaionera nokha filimuyo, chifukwa mafunso okhudza mizimu anandipeza ndisanakonzekere.