MGB ya 1966, mwiniwake akuti zonse ndi orijino, ndimukhulupirire?

Chikondi_Leeds:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndapeza MGB Roadster ya 1966, galimoto yachingelezi ya kampani ya MG yotsegula denga, kwa mdala wina kunja kwa tauni kuno, yofiira, nambala ya chesisi ikuyamba ndi GHN3 ndiye ndi Mark I ndithu, mtundu woyamba wa MGB. Galimoto ikulira bwino, dzimbiri pansi silambiri. Vuto ndi mtengo, mdalayo wakweza ndi mapaundi 2,000 pamwamba pa zomwe anzake akugulitsa eti chifukwa zokongoletsa zonse ndi zomwe inatuluka nazo ku fakitale. Ili ndi chiwongolero chamatabwa cholembedwa Moto-Lita, marimu a mawaya onyezimira a kromu, wailesi ya Radiomobile, nyale ziwiri za nkhungu za Lucas kutsogolo, komanso denga lolimba lija lochotsa lili mu garaja akuti andipatsa limodzi. Ine galimotoyi ndayikonda zedi moti tulo sindikugona koma ndalama zanga ndazivutikira, sindikufuna kulipira nkhani chabe. Ndingadziwe bwanji kuti izi ndi zenizeni? Ndipo ngati sizili za ku fakitale ndiye kuti ndi zachabechabe?

Makaniko_Jozi:
Achimwene musathamange. Ine ndimagwira magalimoto akalewa kuno ku Johannesburg, ma MG, ma Triumph, nthawi zina Jaguar, ndipo pa zomwe mwatchulazo chiwongolerocho ndikuuziranitu, sichinachokere ku fakitale ya MG ku Abingdon. MGB ya 1966 inkatuluka ndi chiwongolero chachikulu chakuda, masipoko ake a timawaya, hutala pakati pali chizindikiro cha MG cha makona eyiti chija. Moto-Lita ndi kampani ina payokha, anthu ankagula okha nkuika chifukwa cha fakitale chija chimakula mpaka kukhudza ntchafu ukakhala wamtali. Sikuti ndi choipa ayi, ndi chiwongolero chabwino kwambiri, koma kampaniyo ikupangabe mpaka lero ndiye chomwe chili mmenemocho chitha kukhala cha zaka 50 kapena cha chaka chatha.

Koma pomwe ndikufuna muyang'anitsitse ndi pa marimu. Marimu a mawaya analipodi ku fakitale, umachita kuitanitsa nkuonjezera ndalama, mainchesi 14 masipoko 60, ndipo omwe ndimawaona pa magalimoto osasinthidwa amakhala opentedwa siliva. Nde nkhani ili apa, galimoto yomwe inatuluka ndi marimu a mawaya ekiselo yake yakumbuyo ndi yaifupi pang'ono kuposa ya marimu wamba achitsulo. Anthu ambiri akafuna kusintha samasintha ekiselo, amangomanga mahabu a mawaya (pomwe pamalowa rimu) pa ekiselo yakale ija, mapeto ake tayala limatulukira kunja nkumakhula bodi mukakhala awiri ndi katundu kapena pokhota. Gwadani kumbuyo, lowetsani zala pakati pa tayala ndi mlomo wa madigadi, mukapeza kuti zala zikuvuta kulowa kapena pali penti yopalika ndi mphira wakuda mkati mwakemo, dziwani kuti anachita kusintha. Kenako mukamayesa galimoto imani, ikani giya yoyamba, nyamukani, imaninso mubwerere livesi. Mukamva kuti gu kumbuyo ndiye kuti mano a habu atha, ndipo kukonza kwake ndi habu zinayi kuphatikiza marimu omwe, ndalama zake si zamasewera.

Musanapereke ngakhale dipoziti itanitsani Heritage Certificate ku British Motor Museum ku Gaydon ku England, muli konko inu mwayi wanu. Iwowo amasunga mabuku a fakitale, mukawapatsa nambala ya chesisi amakulemberani tsiku lomwe galimoto inapangidwa, mtundu wa penti, mipando, komwe inatumizidwa, ndi zowonjezera zomwe inatuluka nazo monga marimu a mawaya, hita kapena ovadiraivu. Pepala limenelo ndi lomwe lingathetse mkangano wanu ndi mdalayo.

Nabanda74:
A Makaniko anena zoona koma pali chimodzi ndionjezere pa satifiketiyo, isakunamizeni kuti chilichonse chomwe sichinalembedwemo ndi chabodza. Wailesi nthawi imeneyo kawirikawiri ankaika ndi a dila pogulitsa osati ku fakitale, chimodzimodzi nyale za nkhungu, ndiye Radiomobile yanuyo itha kukhala kuti ili mmenemo kuyambira sabata yoyamba koma ku Gaydon osapezeka. Umboni wake umakhala risiti ya dila ngati mdalayo anasunga mapepala, mufunseni akuonetseni faelo yonse osati kungokuuzani pakamwa.

Pa wailesi yomweyo samalani. MGB isanafike Mark II kumapeto kwa 1967 magetsi ake anali a positive earth (mbali ya + ya batire ndi yomwe inkalumikizidwa ku bodi), mabatire awiri a mavoti 6 kuseri kwa mipando, ndipo eni ambiri anatembenuza kupita ku negative earth (mbali ya - ku bodi) kuti aziika zinthu zamakono. Ngati galimoto anaitembenuza koma wailesi sanaisinthe mbali, kungoyatsa yapsa. Ine ndinaonapo ina pa chionetsero yooneka bwino kunja, manambala a masiteshoni oyera bwino, koma mkati anachotsa zonse nkuikamo Bluetooth. Mwiniwake sanabise, ananena yekha, ndipo ine sindinaone cholakwika. Chomwe chimandipweteka ndi munthu kukugulitsa chinthu chotero akulumbira kuti sichinakhudzidwepo.

Za Lucas, kampani yomwe inkapanga zamagetsi za galimotozi, ndi zosavuta, iwowo ankadinda mwezi ndi chaka pa zinthu zawo zambiri. Tengani tochi ndi kansalu, pukutani pa distribyuta, pa dayinamo, pa mota ya mawaipa, muona timanambala ngati 3 66. Zikakhala miyezi yochepa galimoto isanapangidwe mtima ukhale pansi. Magalasi a kampani ya Triplex nawonso ali ndi timadontho pafupi ndi zilembo zawo tosonyeza nthawi yomwe anapangidwa.

MadalaZomba:
Ana anga ine ndikusiyana nanu pang'ono. Ndinakula ndikuwaona magalimoto amenewa akukwera ku Ku Chawe masana a Lamulungu denga lili pansi, ndipo palibe awiri omwe ankafanana. Wina waika nyale zowonjezera chifukwa cha nkhungu ya paphiri, wina chonyamulira sutikesi pa buti, wina wasintha chiwongolero. Munthu ukagula galimoto yotere unkaikonza kuti ikhale yako. Lero mukuti tichotse zonsezo tibwezeretse mmene inalili pa geti la fakitale, nanga zaka zonse zomwe yayenda mmanja mwa anthu mukuzitaya kuti? Chiwongolero chamatabwa chomwe vanishi wake wafufuma pomwe mwini ankagwira, kwa ine chimenecho ndi cha galimoto imeneyo kuposa chatsopano chakuda chopangidwa dzana chongofanizira cha 1966.

Ndipo tisaiwale MGB si galimoto yosowa, anapanga zoposa theka la miliyoni kuyambira 1962 mpaka fakitale ya Abingdon itatsekedwa mu 1980. Kampani ya British Motor Heritage inayamba kupanganso mabodi athunthu atsopano mu 1988 ndi zida zomwe zija za fakitale. Ndiye pali magalimoto ambiri oyenda ndi nambala ya 1966 pomwe chitsulo chake ndi cha dzulodzulo, eni ake nkumanyadira kuti chiwongolero ndi cholondola. Mwana wanga iwe yang'ana kaye bodi, ma sill a mmbali pansi pa zitseko ndi omwe amawola pa MGB, ukatsegula chitseko uone ngati mpata wake sukusintha. Zokongoletsazi zibwere pambuyo.

Makaniko_Jozi:
Madala ndakumvani ndipo pa nkhani ya dzimbiri palibe chotsutsa. Inenso sindikuti achotse Moto-Lita ayi, akaigula aisiye mommo. Koma funso la achimwenewa ndi la ndalama, mdalayo akulipiritsa mapaundi 2,000 ponena kuti ndi za ku fakitale pomwe chimodzi tadziwa kale kuti si choncho, ndiye zinazo tizikhulupirira bwanji osaona? Chinthu chakale cha nthawi yomweyo chili ndi mtengo wake, chofanizira chatsopano chili ndi wakenso wotsika, aliyense alipire cha chomwe akugula.

Ndinaiwala za denga lija. La fakitale linalipo, la faibagalasi, lili ndi timawindo ting'onoting'ono mmbali kumbuyo, koma makampani ena ngati Ashley ndi Lenham ankapanganso awo, ndipo panalinso lina lotchedwa Bermuda. La Bermuda mulizindikira msanga lili ndi mawindo pamwamba penipeni. Onsewo pali anthu owafuna, chachikulu muliyese pagalimotopo mdalayo akuona, muone ngati zomangira zonse zilipo ndi mphira wake, chifukwa madenga ambiri okhala mu garaja anagulidwa padera ndipo sanakwerepo pa galimoto imeneyo.

Chikondi_Leeds:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndapitakonso madzulo ano ndi tochi. Distribyuta yalembedwa chaka cha 66, mota ya mawaipa chimodzimodzi, koma dayinamo palibe anaikamo olutaneta ndipo batire ndi limodzi la mavoti 12, ndiye anaitembenuza kale. Kumbuyo zala zikulowa bwinobwino mbali zonse, penti yosapalika, mwina ekiselo ndi yake ya mawaya ndipo anangogula marimu a kromu pambuyo pake. Mdalayo nditamufunsa za chiwongolero sanakane, wati anaika ndi mwini woyamba ndipo chakale chakuda chija chili pa alumali mu garaja, wandionetsa, chang'aluka pawiri koma chilipo ndipo akuti andipatsa. Risiti ya wailesi akuti aifufuza mu faelo. Ma sill Madala ndagogoda ndi chala akumveka olimba koma ndipita ndi munthu wa MG Owners' Club akaone pansi bwinobwino itakwezedwa. Satifiketi ya ku Gaydon ndaitanitsa usiku uno ndipo tagwirizana kuti za mtengo tikambirana ikafika. A Nabanda, wailesiyo sindinayatse, kodi pali njira yodziwira mbali yomwe anaiika osaichotsa mu dashibodi?