Kodi mathiransimita a Class E angalowe m'malo mwa wailesi zathu za mawati 100?

Mlongoti73

Akuluakulu, ndili ndi funso lomwe lakhala likundivutitsa chiyambireni kugwiritsa ntchito wailesi yanga pa batire. Wailesiyi imatulutsa mawati 100, koma potumiza imakoka maampeya pafupifupi 20 pa mavoliti 13.8, kutanthauza kuti imadya mawati 276. Mawati opitirira 170 otsalawo amangosanduka moto wotenthetsa zitsulo, ndipo fani sipuma. Tsopano ndikumva anzathu akuyamikira mathiransimita a Class E, akuti amafikitsa ku eriyo pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu imene alandira. Zimatheka bwanji zimenezi, ndipo ngati n'zoona, n'chifukwa chiyani makampani akuluakulu sanasiye njira yakale?

WowotchereraMawaya

Achimwene, n'zoona, koma nzeruyo si ya lero. Nathan Sokal ndi mwana wake Alan Sokal anafotokoza Class E mu 1975. Chatsopano n'chakuti zida zofunika zatsika mtengo ndipo zachepa msinkhu.

Ampulifaya ya wailesi yanu ndi ya Class AB, momwe thiranzisita imagwira ntchito ngati mpopi wotsegulidwa pang'ono: mavoliti ndi maampeya zimapezeka pa iyo nthawi imodzi, ndipo ziwirizi zikakumana ndiye gwero la kutenthako. Ngakhale Class B yopanda chilema chilichonse singapitirire 78.5 peresenti. Mu Class E thiranzisita imakhala ngati switchi, yotsegula kotheratu kapena yotseka kotheratu, ndipo koyilo ndi kapasita zimasankhidwa mosamala kuti thiranzisitayo iziyatsidwa pa nthawi yeniyeni imene mavoliti atsika kufika pa ziro. Zikatero palibe mphamvu yambiri yotayika.

Vuto lake n'lakuti switchi sidziwa kukweza kapena kutsitsa mawu. Pa CW (kutumiza ndi zizindikiro za Morse) ndi pa FT8, njira yotumizira mauthenga ndi kompyuta yomwe Joe Taylor ndi Steve Franke anatulutsa mu 2017, palibe chodetsa nkhawa chifukwa mphamvu ya siginolo sisinthasintha. N'chifukwa chake QCX, wailesi yaing'ono ya CW ya kampani ya QRP Labs, imatulutsa mawati pafupifupi 5 kuchokera ku timathiranzisita titatu ta BS170. Koma mawu a SSB (njira yotumizira mawu olankhula) amakwera ndi kutsika, ndipo mukawalowetsa mwachindunji mu ampulifaya yotere amaphwanyika n'kumwazikira pa mafulikwense a anzanu.

Mayi wa CW

Ndiwonjezereko pa mfundo ya SSB, chifukwa m'pamene pali zatsopano zenizeni. Leonard Kahn anasonyeza mu 1952 kuti siginolo ikhoza kugawidwa pawiri. Mbali imodzi, yonyamula kusintha kwa fezi (kutsogola kapena kutsalira kwa mafunde), imadutsa mu ampulifaya ya switchi ija, pomwe mbali inayo, yonyamula kukwera ndi kutsika kwa mawu, imalamulira mavoliti odyetsa ampulifayayo, ndipo ziwirizi zimakumananso potulukira. Masiku ano njirayi imatchedwa polar modulation. Kale inkafuna zida zambiri, koma tsopano kachipu kamodzi kamawerengera zonse n'kumalamulira Si5351, chipu yopanga fulikwense, kuti isinthe fulikwense kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Umu ndi momwe wailesi yaing'ono ya uSDX imagwirira ntchito, ndipo QMX ya QRP Labs nayo inalandira SSB mwa njira yomweyi kudzera m'pulogalamu yatsopano.

Komabe mbali ziwirizo ziyenera kufika pamodzi ndendende. Imodzi ikachedwa ngakhale pang'ono pokha, siginolo imatambasuka n'kusokoneza oyandikana nawo. Pa mawati 5 cholakwacho ena angachipirire, koma pa mawati 100 bandi yonse idzakudziwani. Ine ndikuona kuti ichi ndicho chimachititsa makampani kukakamira Class AB, n'kumaiyeretsa ndi predistortion (kukonzeratu siginolo isanalowe mu ampulifaya) monga PureSignal ya pa wailesi za ANAN, m'malo moitaya.

Wakale pa 40m

Palinso china chimene otsatsa satchula kawirikawiri. Mu Class E mavoliti a pa thiranzisita amakwera kufika pafupifupi 3.56 kuchulukitsa a batire, choncho pa mavoliti 12 mumafika cha pa 43, pomwe BS170 malire ake ndi 60. Eriyo ikakhala yosalinganizidwa bwino, SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo) n'kukwera, malirewo amadutsidwa m'kuphethira kwa diso. Ine ndinapsereza mathiranzisita atatu tsiku limodzi chifukwa chotembenuza chuna (chida cholinganizira eriyo) ndili pa mphamvu yonse. Dziwaninso kuti koyilo ndi kapasita zija zimakonzedwera bandi imodzi, ndipo sefa ya potulukira siyenera kuchotsedwa chifukwa switchi imabala mahamoniki (mafulikwense owonjezera osafunika) ambiri.

Ngati cholinga chanu ndi kusunga batire, werenganinso zimene wailesi imadya pomvetsera, poti nthawi yambiri timakhala tikumvetsera osati kutumiza. Kutsika kuchoka pa mawati 100 kufika pa 5 kumakuchotserani madesibelo 13, omwe pa mita ya mnzanu ndi ma S (magawo a muyeso wa mphamvu ya siginolo) awiri ndi pang'ono, koma potumiza mudzakoka pafupifupi theka la ampeya m'malo mwa 20.

Mlongoti73

Zikomo kwambiri nonse. Popeza nthawi zambiri ndimakhala pa CW ndi FT8, ndiyamba ndi kachipangizo ka mawati 5 pa bandi ya mamita 20, ndipo eriyo ndiziyamba ndaiyeza ndi analaiza ndisanatumize. Wailesi yaikuluyo ikhalabe patebulo kaamba ka SSB. Mayi wa CW, kodi kuyesa ndi matoni awiri n'kokwanira kuona ngati mbali ziwiri zija zikufika pamodzi, kapena m'pofunikanso kuyang'ana siginolo ya mawu enieni pa SDR (wailesi yoyendera pulogalamu ya kompyuta) ina?