Mayeso oyeserera ndimapeza 1400, SAT yeniyeni ndapeza 1270. Ndiyambire pati?

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaidziwa bwino SAT, mayeso a Chingerezi ndi masamu olowera m'mayunivesite a ku America. Pa mayeso oyeserera ndakhala ndikupeza pakati pa 1380 ndi 1420, koma zotsatira zenizeni zatuluka 1270. Masamu ndi amene agwa kwambiri. Ndikufuna kulembanso pakatha miyezi iwiri. Mtima ukundiwawa, chonde ndithandizeni.

Mphunzitsi_wa_Masamu:
Pepani kwambiri. Tiyambe ndi mmene mumalembera oyesererawo. Ngati mumaimitsa nthawi kuti muone foni, kapena kulemba Chingerezi lero masamu mawa, 1400 ija sinali yoona. SAT imatenga maola 2 ndi mphindi 14, kupuma kwake ndi mphindi 10 basi, ndipo masamu amabwera kumapeto mutu utatopa kale. Mayeso amene munawalembapo kale musawawerengerenso, chifukwa mayankho ake amakhala akadali m'mutu.

Wokonzekeretsa_Ophunzira:
Ine ndikukayikira gawo loyamba la masamu. Mafunso onse ndi 44, ogawidwa pawiri: mafunso 22 mphindi 35, kenako ena 22 mphindi 35. Gawo lachiwiri limasankhidwa potengera mmene mwachitira loyamba. Mukalakwitsa angapo osavuta poyambirira, manja akunjenjemera, kompyuta imakupatsani gawo lachiwiri lofewa, ndipo kumeneko malikisi apamwamba safikika ngakhale mutakhoza onse. Kodi gawo lachiwirilo linali bwanji?

Wofunsa:
Linali lofewa zedi, ndinamaliza nthawi ikadalipo. Ndipo n'zoona, ndinkalemba zigawo masiku osiyana. Mayeso ambiri anali a m'mabuku, a Bluebook, pulogalamu ya pa kompyuta yolemberapo SAT, ndinalemba amodzi okha.

Wokonzekeretsa_Ophunzira:
Ndiye vuto laoneka. Mayeso apapepala sasintha potengera mayankho anu, choncho malikisi ake ndi ongoyerekeza. Gwiritsani ntchito Bluebook ya College Board, bungwe loyendetsa SAT, pa kompyuta yomweyo imene mudzalembere. Sankhani mayeso amene simunawaonepo, Loweruka m'mawa 8 koloko, foni ili chipinda china. Amodzi pa masabata awiri alionse akwanira.

Ntchito yaikulu ili tsiku lotsatira. Tengani kope, funso lililonse lomwe mwalakwa mulembe chifukwa chake: simunadziwe njira, munawerenga molakwika, kapena nthawi inakutherani. Chilichonse chili ndi mankhwala ake. Kusadziwa njira kumatha ndi kuphunzira mutuwo. Kuwerenga molakwika ndiye kumapweteka, mwachitsanzo mwapeza x = 4 n'kusankha 4, pomwe funso limafuna 2x + 1. Musanadine yankho, werenganinso mzere womaliza wa funsolo.

Pa masamu muli ndi masekondi pafupifupi 95 pa funso. Likakukanikani kupitirira mphindi ziwiri, sankhani yankho lililonse, ikani chizindikiro cha Mark for Review kuti mudzalionenso, pitirirani. Kulakwa sikuchotsetsa malikisi, ndiye musasiye funso lopanda yankho. Gawo likatsekedwa simungabwererenso, choncho nthawi yotsala m'gawo loyamba muigwiritse ntchito kuonanso mayankho, osangokhala kudikira.

Mayi_Mlangizi:
Ndiwonjezere ziwiri. Tsegulani lipoti la zotsatira zanu, limaonetsa mmene mwachitira pa mitu inayi ya masamu: Algebra, Advanced Math, Problem-Solving and Data Analysis, komanso Geometry and Trigonometry. Mafunso ambiri amachokera pa iwiri yoyambayo, ndiye ngati yafooka ndi imeneyo yambirani pamenepo. Phunziraninso kalikuleta ya Desmos yomwe ili mu Bluebook, mafunso ambiri a ma equation amatheka pongojambula girafu n'kuona pamene mizere yakumana.

China, mayunivesite ena amatenga malikisi apamwamba a chigawo chilichonse kuchokera pa maulendo onse amene mwalemba, amati superscore. Si onse ayi, onani malamulo a yunivesite iliyonse imene mukufuna. Ngati yanu imalola, malikisi a Chingerezi amene mwapeza kale asungika, ndipo miyezi iwiriyi mphamvu zambiri muziike pa masamu.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Lipoti ndalitsegula, Advanced Math ndi imene ili pansi. Kope ndayamba lero, Loweruka ndilemba Bluebook yonse osaimitsa.