Kodi timapepala ta White Rose tinasintha chilichonse mu ulamuliro wa Hitler?

Nangondo:
Ndakhala ndikuwerenga za ophunzira a payunivesite ya Munich amene ankadzitcha White Rose, omwe kuyambira Juni 1942 mpaka Febuluwale 1943 anafalitsa timapepala 6 todzudzula Hitler. Chimene chikundivutitsa maganizo n'chakuti atatu a m'gululo, Hans Scholl, mlongo wake Sophie ndi Christoph Probst, ataphedwa, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inapitirira zaka zina ziwiri. Kodi imfa yawo inapindula chiyani?

Bambo Mbewe:
Mayi Nangondo, boma sanaligwetse, ndipo anthu a mu Munich sanadzuke monga mmene iwo ankayembekezera. Koma kapepala kawo kachiwiri kananena poyera kuti Ayuda 300,000 anali ataphedwa ku Poland, pa nthawi imene ambiri ankangoti pakamwa tsekee. Kwa ine chimenechi n'chachikulu, chifukwa aliyense amene anakatola kapepalako sakanathanso kunena kuti sankadziwa.

Nachisale:
Ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi ntchito yeniyeniyo. Kugula mapepala, maenivelopu ndi masitampa ambiri nthawi imodzi kunali kudzipalira mlandu, choncho ankagula pang'onopang'ono m'malo osiyanasiyana, n'kusindikiza usiku ndi makina opukusa pamanja, kenako n'kukwera sitima ndi masutikesi odzaza kukatumiza makalatawo kuchokera m'mizinda ina kuti apolisi achinsinsi a Hitler otchedwa Gestapo aziganiza kuti gululo ndi lalikulu. Pa 18 Febuluwale 1943, Sophie anakankha timapepala totsala kuchokera pansanjika yapamwamba, tinagwera pabwalo lamkati mwa yunivesite, ndipo wosamalira nyumbayo ataona zimenezi anagwira Sophie ndi Hans n'kukawapereka. Patangopita masiku anayi, woweruza Roland Freisler anagamula kuti Hans, Sophie ndi Probst aphedwe, ndipo anadulidwa mitu tsiku lomwelo kundende ya Stadelheim. Sophie anali ndi zaka 21, ndipo Probst anasiya ana atatu. Mtima umandiwawa ndikaganizira za anawo.

Bambo Mbewe:
Ndiwonjezerepo pa mawu a Mayi Nachisale kuti kapepala komaliza, kolembedwa ndi Pulofesa Kurt Huber wa m'gulu lomwelo, asilikali a Germany atagonja ku Stalingrad, kanazembetsedwa mpaka ku Britain. Pakati pa chaka cha 1943 ndege za Britain zinamwaza makope ake ambirimbiri m'dziko la Germany, nyengo yomwe Huber ndi Alexander Schmorell, wophunzira wina wa m'gululo, anaphedwa pa 13 Julayi.

Nangondo:
Zikomo nonse awiri. Komabe mtima wanga sunakhazikike, makamaka ndikaganizira Willi Graf, mnzawo wina wa m'gululo, amene anamusunga m'ndende mpaka Okutobala 1943 akumupanikiza ndi mafunso, koma sanatchule anzake.