Breki ikumira pa roboti, ndipite nayo ku Chipata?

Abale anga apagulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Corolla ya 2003, otomatiki, yomwe ndinagula kwa alamu anga. Lolemba m'mawa ndikuchokera ku Chelstone mu Lusaka ndinaima pa roboti mu Great East Road, phazi lili pa breki. Ndinangomva pedulo ikumira pang'onopang'ono mpaka pansi, motoka n'kuyamba kukwawa yokha. Kutsogolo kunali minibasi. Ndinapopa kawiri, ndiye inagwira patatsala chikhatho chimodzi kuti ndiigunde. Mwana kumbuyo ankangodya chitumbuwa chake, ine thukuta kamukamu.

Makanika wanga anasintha mapadi a breki akutsogolo, n'kuthiramo brake fluid, akuti yachira bwana. Dzulo yabwerezanso. Chodabwitsa, fluid m'kabotolo sakutsika, ndipo pomwe imagona motoka palibe dontho. Loweruka tili ndi mwambo wa chiliza cha amayi ku Chipata, tikwera anthu asanu ndi katundu. Pa Manenekela, pamapiri otsetsereka a panjira ya ku Chipata, mukupadziwa nonse. Ndiyende nayo, kapena?

Mayankho

Makanika wa ku Matero: Akulu, mapadi alibe mlandu. Pedulo ikamamira mutaiponda koma fluid osatayika, kawirikawiri ndi master cylinder, kapampu kamene kamakankha fluid kupita kumatayala mukaponda breki. Timalabala tam'kati tikatha, fluid amangozemba momwemo osatuluka panja. Yesani chonchi: lizani injini motoka itaima, pondani breki mofatsa, gwirani kwa theka la miniti. Ikatsika yokha, ndi yomweyo. Auzeninso amakanika anu ayang'ane pomwe master yalumikizana ndi booster (chomwe chimapeputsa pedulo poiponda), nthawi zina fluid amathawira mmenemo, pansi osaoneka kanthu.

Membala wina: Ndi mpweya chabe uwo, angochita bleed, kuutulutsa m'mapaipi a breki. Musawononge ndalama.

Makanika wa ku Matero: Mpweya umafewetsa pedulo ngati siponji kuyambira mukangoiponda. Iyi ikuyamba yagwira kenako n'kumira. Ndi matenda awiri osiyana, achimwene.

Mayi woyendetsa Spacio: Fluid munasintha liti yense, osati kungothiramo? Ine sindinkadziwa kuti amayamwa chinyezi. Fluid wa mtundu wa DOT 3 watsopano amawira pa madigiri 205 Celsius, koma akamwa madzi amatsika mpaka cha pa 140. Potsika phiri mabreki akatentha amawira, pedulo n'kupita pansi ngati mwaponda phala. Zinandichitikira potsikira ku Chirundu, mpaka lero ndikadutsa pamenepo miyendo imanjenjemera. Pazaka ziwiri zilizonse ndimasintha. Tsegulani kabotoloko, akakhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, watha ntchito.

Dalaivala wakale wa basi: Mwana wanga, ngakhale mutaikonza, Manenekela satsika ndi breki yokha. Chotsani pa D, ikani pa 2, pakatsetsereka kwambiri pa L, injini izikugwirirani. Breki ikakana panjira, popani msangamsanga, tsitsani giya, handibreki muzikoka pang'onopang'ono chala chili pabatani. Mukaikoka kamodzi matayala akumbuyo amauma, motoka imazungulira. Injini musazimitse, chifukwa breki ndi chiwongolero zonse zimalimba. Ndipo mmene ilili panopa, ngakhale ku msika wa Soweto mu Lusaka momwemu musapite nayo.

Membala wina: Aonenso mapaipi a labala a kumatayala ndi ma wheel cylinder akumbuyo (timapampu ta breki ta m'matayala). Motoka ya zaka zoposa 20 imakhala itang'aluka mobisika. Pepala la fitness la RTSA (bungwe la boma loona zamsewu) limangonena za tsiku lomwe anaiyeza.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndayesa pakhomo pano monga anenera a ku Matero, pedulo yamira masekondi 10 asanakwane. Fluid nayenso ndi wakuda bii. Ndawauza madam kuti Loweruka tikwera basi ku siteshoni ya Intercity, ali pano akuwerengera ndalama za matikiti asanu nkhope ili gwaa. Funso lina: master ya salaula yochotsa pa motoka ina ndingaidalire, kapena ndidikire malipiro ndigule yatsopano?