Kodi asilikali a ku China anaphunziradi nkhondo kwa Ajapani?

Kalulu_waNdirande:
Abale, ine ndinakulira m'mavidiyo sho, muja timakhala pa mabenchi n'kumaonera kung fu mpaka mdima. Mmenemo Mjapani amakhala woipa nthawi zonse, mapeto ake n'kudya zibakera. Ndiye dzulo mwana wanga, yemwe wayamba judo, akuti Chiang Kai-shek, mtsogoleri wakale wa China uja, anaphunzira usilikali ku Japan. Ndamuuza asiye bodza, wangondiseka. Wonama ndani apa?

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwanayo sananame, achimwene. Mu 1895 China inagonja kwa Japan, mpaka kulandidwa Taiwan. Manyazi amenewo ndiwo anachititsa boma la Qing, la mafumu amene ankalamulira China nthawi imeneyo, kutumiza anyamata kwa yemweyo anawagwetsa. Mu 1903 ku Tokyo kunatsegulidwa sukulu ya Shinbu Gakko, yokonzekeretsa Matchaina usilikali. Chiang analowa mu 1908, ndipo mu 1910 anamutumiza ku gulu la mizinga ku Takada, kozizira koopsa, komwe ankapukuta akavalo m'mamawa ngati msilikali wamba. Yan Xishan, mkulu wina wa asilikali a ku China, naye anaphunzira komweko ku Japan. Koma amene amandigometsa ine ndi He Yingqin, mkulu wa asilikali a Chiang: anaphunzitsidwa ndi Ajapani, kenako pa 9 September 1945 ku Nanjing ndi iye analandira chikalata cha Ajapani chovomera kugonja. Tangoganizani, mwana wasukulu kulandira kugonja kwa asilikali omwe anamuphunzitsa kuguba.

Mai_aLamba_Wakuda:
Muuzeni mwanayo kuti judo yakeyo ilimonso m'nkhaniyi. Kano Jigoro, amene anayambitsa Kodokan, sukulu yoyamba ya judo, mu 1882, anatsegulanso sukulu ya Kobun yophunzitsa ana a ku China ku Tokyo mu 1902. Malamba amene timanyadira nawowa, woyera mpaka wakuda, anachokera kwa iyeyo. Kung fu yakale inalibe zimenezo, mphunzitsi ankangokuyang'ana n'kudziwa pomwe wafika. Magiredi otchedwa duanwei mu wushu, yomwe ndi kung fu yamakono, anabwera mu 1998. Koma musaiwale kuti karate ya ku Okinawa mizu yake ina ili ku Fujian, ku China. Ankabwerekana.

Msilikali_Wakale77:
Musakometse kwambiri za Japan. Asilikali atsopano a Yuan Shikai, mkulu wa asilikali m'boma la Qing, anayamba ndi maguba achijeremani, ndipo ku sukulu ya usilikali ya Whampoa ku China mu 1924 zida ndi alangizi zinachokera ku Soviet Union. Chokhacho ndikuvomera ndi lupanga. Cha m'ma 1560 Qi Jiguang, mkulu wa asilikali a ku China, akumenyana ndi achifwamba apanyanja otchedwa wokou, anaona kuti lupanga lalitali lachijapani, logwira ndi manja awiri, likudula mikondo ya anyamata ake ngati mapesi. Analitengera n'kuyamba kuphunzitsa asilikali ake.

Kalulu_waNdirande:
Eee, ndiye ndagwa nayo. Tinabetcherana yunifolomu ya judo, ndipo ndangomva kumene mtengo wake. Mai aLamba, ya kaunjika imapezeka?